Mutu 4: Mwezi Wotsimphina

1. Galaja yopanda galimoto

Kuseri kwa nyumba ya azakhali ake a Nthenga kunali galaja imene sinagonemo galimoto chimangidwire. Munkagona zitsulo. Kukhoma kunali masipanala opachikidwa motsatana, kuyambira wamkulu ngati mkono mpaka wamng'ono ngati chala cha khanda. Pakona panali makina odulira zitsulo, akale, obiriwira, onunkha oyilo.

Azakhaliwo anagwira ntchito yokonza masikelo moyo wawo wonse, ndipo anthu a mumsewumo ankawatchula kuti Mai a Sikelo. Atapuma pa ntchito sanayambe kuluka kapena kuweta nkhuku ngati anzawo. Anatola makina otha ntchito, nawakonza okha, n'kuyamba kupanga zinthu zosagulitsa.

"Za anthu ndinapanga zokwanira," ankatero. "Izi ndi zanga."

Nthenga anali mwana wa mlongo wawo. Ankakhala nawo chifukwa sukulu yake ya sekondale inali pafupi. Dzina lenileni anali nalo, koma linkagwira ntchito m'kalasi mokha. Kunyumba anali Nthenga, chifukwa kamphepo kalikonse kankamutenga. Ukamutuma machesi, umakamupeza pakhomo ataŵerama, akuonerera nyerere zikunyamula phiko la chiwala.

Pa benchi lalitali pansi pa zenera panali chinthu chimene azakhali anayamba kupanga Nthenga akadali ku pulayimale. Pakati pake panali babu la tochi, ndilo dzuwa. Chapatali pang'ono panali mpira wopaka buluu, ndilo dziko. Pambali pa dzikolo, pansonga ya waya wopindika, panali kampira koyera, ndiko mwezi. Pansi pa zonsezi panali magudumu a mkuwa a mano ang'onoang'ono, olumana. Ukapukusa chogwirira, dziko linkazungulira. Koma mwezi unkangoti duu, chifukwa gudumu lake linali lisanadulidwe mano.

Nthawi inali itawathera. Diso lakumanzere la azakhali linafa kalekale, ndipo lakumanja linali ndi ng'ala. M'mawa mwake ankapita kuchipatala kukalipala. Dokotala sanawanamize. Anati mwina adzaona bwino, mwinanso kuwala kochepa kumene kwatsalako kudzapita.

"Ndikufuna ndione mwezi wanga ukuyenda diso lidakalipo," anauza Nthenga. "Zinazo ndi za mawa."

Mkuwa wa gudumulo unali umodzi wokha. Anaudula ku mbale ya sikelo yakale, yomaliza mwa zimene anasunga, naukonza kuti ukhale wobulungira ndi wosalala. Wina kunalibe.

2. Lamulo la tebulo

Tsiku limenelo kunalibe sukulu. Masana a Chipewa anafika atanyamula mpando wawo. Iwowa anali oyandikana nawo nyumba, dalaivala wa mabasi wopuma pa ntchito, ndipo palibe mwana wa mumsewumo amene anaonapo pamutu pawo. Ndiwo ankati adzatenge azakhali pa kagalimoto kawo kupita kuchipatala.

"Odi kuno kwa opanga mwezi," anatero ali pakhomo.

"Lowani, koma musakhudze kanthu," anayankha azakhali. "Manja anuwo anazolowera chiwongolero ndi hutala basi."

"Manja omwewa akunyamulani mawa, aneba. Alemekezeni."

Azakhali anachotsa nsanza imene inaphimba makina. Pansi pake panali tebulo lozungulira, chitsulo chobulungira chachikulu ngati chivundikiro cha poto, cholemera moti munthu mmodzi ankachinyamula akubuula. Pamwamba pake anali atamangapo kale mkuwa uja. Pambali panali chopukusira, ndipo kuseri kwa chopukusiracho kunali mbale yachitsulo yodzaza timabowo tozungulira mizeremizere. Chopukusira chinali ndi kamsomali kolowa m'timabowomo. Pambaleyo panagonanso timiyendo tiwiri totambasuka ngati sizasi, kamodzi kosonyeza pochokera, kena pokaima.

"Mvera bwino, Nthenga," anatero azakhali. "Ine mabowo awa sindikuwaonanso. Kudula ndidula ine, chifukwa mpeni ndimaumva m'manja. Kupukusa upukusa iwe. Gudumu ili likhala ndi mano oposa makumi asanu, ndipo onsewo afanane ngati mapasa. Pa dzino lililonse uzitulutsa kamsomali, upukuse kamodzi kathunthu, upitirize mpaka pa kamwendo kakutsogolo, ulowetse. Kenako usunthe timiyendo tikutsate. Ukatero unene kuti kalowa. Ine ndimanga tebulo n'kudula."

"Zimenezo ndikuzidziwa, azakhali. Munandiphunzitsa pa thabwa lija."

"Thabwa ndi thabwa. Lamulo lalikulu ndi liti?"

"Kutsogolo kokha."

"Chifukwa chiyani?"

Nthenga anayang'ana kudenga ngati yankho linalembedwa pa malata. Azakhali anamugwira dzanja n'kuliika pa chopukusira.

"Gwedeza pang'ono, uku ndi uku. Ukumva? Chopukusira chikuyenda, tebulo lili chigonere. M'mimba mwa tebulo ili muli mano amene sukuwaona. Manowo salumana ndithu, pali kampata, ndipo tebulo likamakalamba kampatako kamakula. Ukamapita kutsogolo, mano amakankhana, zonse zimayenda bwino. Koma ukapitirira bowo lako n'kubweza pang'ono, chopukusira chimabwerera chokha, tebulo osasuntha. Kamsomali kalowa pabowo loyenera, maso ako akuuza kuti zili bwino, koma mkuwa uli pamalo olakwika. Chitsulo chimanama chili phee, mwana wanga. Ndiye ukapitirira, usachite manyazi. Undiuze. Tibwerera m'mbuyo kutali ndithu, n'kubweranso kutsogolo pang'onopang'ono mpaka tifike pabowolo. Ndi ntchito yaifupi ngati kumwa madzi. Koma mpeni ukadya mkuwa, sulavula."

"Basi yanga yoyamba inali choncho," anatero a Chipewa akukhazika mpando. "Ukhotetsa chiwongolero kumanja, iyo ikuganizabe. Pofika poti yavomera, siteji mwaidutsa kale."

"Ndiye chifukwa chake anthu ankatsika akupemphera," anatero azakhali. "Nthenga, manga tsitsi kumbuyo. Pinda manja a malayawo. Makina sadziwa kuti ndiwe mwana wa mlongo wanga."

3. Utuchi wa mkuwa

Azakhali anayatsa makina. Mpeni, kagudumu kakuthwa kozungulira, unayamba kulira motsitsa ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anauyendetsa pang'onopang'ono mpaka unakhudza mkuwa. Utuchi wachikasu unathothoka, ndipo m'mphepete mwa gudumu munatsala kampata koyamba.

Nthenga anatulutsa kamsomali, anapukusa, analowetsa, anasuntha timiyendo.

"Kalowa."

Azakhali anamanga tebulo, anadula, anamasula. Nthenga anapukusanso. Mano anayamba kumera limodzilimodzi. A Chipewa anatsamira khoma n'kumagwedeza phazi motsata kulira kwa mpeni.

Pa malata panali kabowo ka msomali wakale. Dzuwa linkalowera pamenepo ngati ndodo yoyera yoima pakati pa galaja. Utuchi wopepuka unkakwera n'kulowa m'kuwalako, n'kumayandama osatera pansi. Timadontho tagolide tinkazungulirana, tina n'kutsika, tina n'kusowa.

"Azakhali, kodi munthu ataima pa kamwezi kathu aka, galaja ino angaione bwanji? Sangayese kuti utuchi uwu ndi nyenyezi?"

"Ukamufunse ukamaliza. Timiyendo wasuntha?"

Sanasunthe. Azakhali sanaone, koma sanamve kaphokoso kake. Nthenga anakonza msanga.

"Aka ndi koyamba," anatero azakhali.

Anadula mano ena angapo. Kenako azakhali anamasula tebulo n'kudikira. Anadikirabe. Nthenga anali ataimika chala m'ndodo ya kuwala ija, akuyesa kuti kadontho kamodzi katere pa chikhadabo chake.

Azakhali anazimitsa makina. M'galaja munati zii.

"Aka ndi kachiwiri. Kachitatu utuluka, a Chipewa apukusa, ndipo m'galaja muno sudzalowanso."

"Ine? Ndi zala zanga za nthochizi?" anatero a Chipewa.

"Zala za nthochi zili bwino kusiyana ndi mutu wa thonje. Nthenga, sindikukuopseza. Kulota si tchimo. Inenso ndimalota, apo ayi bwenzi mwezi uwu kulibe. Anthu anandiseka kuti mayi wamkulu akusewera ndi timipira, ine osawamva. Koma pali nthawi yolota, pali nthawi yogwira. Maloto amakuuza chopanga, manja ndiwo amapanga, ndipo manja safuna kusiyidwa okha. Ndinagwira ntchito ndi bambo wina amene ankakonda kuyang'ana pazenera makina akuyenda. Bambo ameneyo pa zala zake ankawerenga mpaka zisanu ndi zitatu basi. Iwe ndakupatsa ntchito imene sindinapatsepo munthu. Lero ndiwe maso anga. Maso akapita kokayenda, mwini wake amagwera m'dzenje. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Galaja imeneyo ndi malo okhawo amene Nthenga sankaitanidwa kawiri. Kusukulu ankamuseka, kunyumba kwa makolo ake ankamukalipira, koma muno munali zinthu zozungulira mwakachetechete, ndipo palibe ankati n'zachabe. Anapukuta manja pa siketi n'kugwira chopukusira mwamphamvu.

4. Bowo lopitirira

Ntchito inayenda bwino mpaka theka la gudumu linamera mano. A Chipewa anatsitsira chipewa chawo kumaso n'kuyamba kupuma mwaphokoso. Dzuwa linapendeka, ndipo ndodo ya kuwala inayenda pang'onopang'ono pansi, inakwera mwendo wa benchi, inadutsa pa magudumu.

Nthenga anatulutsa kamsomali n'kuyamba kupukusa. Nthawi yomweyo kuwala kunafika pa kampira koyera.

Mwezi unayaka. Mbali imodzi inawala mbee, ina inakhala yakuda bii, ndipo utuchi wagolide unkayandama mouzungulira. Waya sanaonekenso. Kamweziko kanangolenjekeka m'malere pakati pa masipanala ndi zitini za oyilo, ngati katsika kumwamba kudzaona amene akukapanga.

Dzanja la Nthenga linapitiriza ulendo lokha. Pamene maso ake anabwerera pa mbale, kamsomali kanali katadumpha kamwendo kakutsogolo ndi mabowo angapo.

Anayang'ana azakhali. Iwo ankapukuta diso lawo ndi kansalu, nkhope ataloza kukhoma. Anayang'ana a Chipewa, koma anangoona chipewa. Anayang'ana chitseko cha galaja, chimene chinali chotsekula, ndi bwalo lopanda kanthu kunja kwake.



Pang'onopang'ono, osachita phokoso, anabweza chopukusira mabowo aja. Chinabwerera mopepuka ngati chilibe chonyamula. Kamsomali kanalowa pabowo loyenera. Anasuntha timiyendo.

"Kalowa."

"Wachedwa bwanji?"

"Kamsomali kanalimba."

"Sunapitirire?"

"Ayi, azakhali."

Azakhali anamanga tebulo. Mpeni unayenda, unadya mkuwa, unabwerera. Kulira kwake kunali chimodzimodzi ngati pa mano ena onse. Nthenga anaŵerama n'kusuzumira. Kampata katsopanoko kankaoneka ngati anzake.

Kuchokera pamenepo sanayang'anenso kuwala. Sanafunse funso. Ankatulutsa, kupukusa, kulowetsa, kusuntha, ndipo mawu ake akuti "kalowa" ankabwera pa nthawi yake ngati wotchi.

"Mwamuona mwanayu, a Chipewa?" anatero azakhali. "Nthenga yamera mizu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anayankha a Chipewa ali m'kati mwa chipewa. "Ine ndinanena kuti mwanayu ndi wanzeru."

"Munanena liti? Mumagona."

Nthenga sanaseke nawo.

Mpata womaliza utadulidwa, azakhali anaufufuza ndi chala. Dzino lomaliza linakumana ndi loyamba bwinobwino, losanenepa, losaonda. Anagwedeza mutu mokhutira. Nthenga anapuma mozama, pakuti ankadziwa kuti munthu akasokoneza kuwerenga mabowo, dzino lomaliza ndilo limamuulula. Apa linali chete.

5. Mdima wa masana

Azakhali anamasula gudumu, analipukuta, nalinyamula ndi manja awiri kupita nalo ku benchi. Kulowetsa pamalo pake sikunafune maso. Zala zawo zinkadziwa kabauti kalikonse ka chinthucho. Anathira kadontho ka oyilo n'kumanga.

"A Chipewa, tsekani chitseko. Nthenga, phimba zenera ndi thumba ilo. Tseka ndi kabowo ka pamalata kako kaja."

Nthenga anakwera pa mpando n'kutseka kabowoko ndi kansanza. M'galaja munagwa mdima, ngakhale kunja ana ankamveka akusewera mpira. Azakhali anayatsa babu.

Kadzuwa kanawala pakati pa benchi. Mbali imodzi ya dziko inakhala masana, ina usiku. Makoma, makina ndi masipanala zonse zinasowa. Panatsala nkhope zitatu zoŵerama.

Azakhali anayandikitsa nkhope yawo kufikira mphuno inatsala pang'ono kukhudza waya. Anatembenuza mutu kuti diso lakumanja likhale kutsogolo. Kenako anagwira chogwirira n'kupukusa.

Magudumu ananong'onezana. Dziko linazungulira. Mwezi unagwedera kamodzi, n'kunyamuka.

Unayenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Poyamba unali kachikhadabo kowala. Kenako unakhala theka. Kenako unadzaza, woyera, wathunthu, ndipo chithunzithunzi chake chinayenda pakhoma, chachikulu ngati beseni.

"Ndikuuona," anatero azakhali motsitsa mawu. "Uli ngati uli kuseri kwa nsalu yonyowa, koma ndikuuona."



Mwezi unayamba kuchepa. Unatsala pang'ono kulowa kuseri kwa dziko. Pamenepo chogwirira chinalimba m'dzanja la azakhali, ndipo mwezi unaima. Anakankha pang'ono. Mwezi unagwedera, unalumpha, waya ananjenjemera, kenako unayendanso bwino.

"Mwina ndi utuchi," anatero a Chipewa.

Azakhali anauzira mpweya m'magudumu n'kupukusanso. Mwezi unazungulira, unakula, unachepa. Pamalo omwe aja unaima, unalumpha.

Anayesa kachitatu. Chimodzimodzi.

"Mwezi wanga ukutsimphina," anatero azakhali.

6. Lonenepa ndi loonda

Anamasula gudumu mumdima momwemo. Analigwira pafupi ndi babu, koma sanaliyang'ane. Anayendetsa chikhadabo cha chala chachikulu pa mano, limodzilimodzi, milomo ikugwedera. Pakati pa ulendo chikhadabo chinaima. Chinabwerera, chinapitanso.

"Ili lanenepa," anatero. "Mnzake uyu waonda."

"Bwanji osalipala lonenepalo ndi tupa?" anafunsa a Chipewa.

"Lonenepa tipala. Loonda tilidyetsa chiyani?"

Azakhali anakhala pa mpando wa a Chipewa, gudumu lili pamiyendo.  Pamene anayankhula, mawu awo anali otopa, osiyana ndi aja okalipa.

"Ndine. Mwanayu ndinamufunsa, sanapitirire. Ndiye kuti pamenepa sindinamange tebulo, linasuntha mpeni ukudya. Zaka zanga zonse sindinaiwalepo kumanga. Maso apita, tsopano mutu wanyamuka kuwatsatira." Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. "A Chipewa, mukandisiya kuchipatala mawa, mupeze munthu adzachotse makinawa. Kaya ndikaona kaya sindikaona. Munthu woiwala kumanga tebulo asakhale pafupi ndi mpeni, makamaka pali mwana wa eni."

"Aneba, musafulumire."

"Ndanena."

Nthenga anali ataima mumdima kuseri kwa benchi, pamene kuwala kwa babu sikunkafika. Palibe ankamuyang'ana. Palibe ankamufunsa kanthu.

"Munamanga, azakhali."

Azakhali anatembenuzira khutu kumene kunachokera mawu.

"Munamanga, ndinakuonani. Ndine ndinapitirira. Ndimayang'ana mwezi pamene dzuwa linauwalira. Ndinabweza mabowo aja osakuuzani."

Kunja mpira unagunda mpanda wa malata, ana anaseka n'kuthawa.

"Ndinakufunsa," anatero azakhali.

"Munandifunsa."

"Unati ayi."

"Ndimaopa kachitatu."

Azakhali anatembenuza gudumu m'manja mwawo kangapo asanayankhe.

"Kupitirira bowo si mlandu, Nthenga. Ine ndapitirira mabowo osawerengeka. Ukananena, ndikanakukalipira, inde. Mwina ndikanakutulutsa lero n'kukuitananso mawa, pakuti pakamwa pangapa umapadziwa, pamathamanga kuposa mtima. Ndipo mwezi bwenzi ukuyenda pano. Unaopa manyazi a kanthawi kochepa, wagula nawo chinthu chimene sitingabweze. Koma chimene chandipweteka si mkuwa. Iwe unaona kuti mayi uyu saona, n'kuyesa kuti chimene sachiona kulibe. Munthu wosaona amayenda ndi mawu a anzake. Ukamuuza kuti apa palibe dzenje, amaponda ndi mtima wonse. Mawa ndikupita kumene mwina ndikabwerako ndili mumdima ngati uno, ndipo m'nyumba muno munthu wondiuza za panjira ndiwe. Ukadzati azakhali, ketulo yazima, ndidzagwira. Ukadzati mankhwala anu ndi awa, ndidzamwa. Ganizira zimenezo."

Nthenga anali akulira, koma mopanda phokoso. Azakhali sanamutonthoze.

"Komabe wanena, pamene palibe akanadziwa. Ukanakhala chete, ndikanagona pa bedi la dokotala ndikudziyesa wozerezeka. Chimenecho wandichotsera. Mwezi wokha sunandibwezere."

Anatambasula dzanja n'kuzimitsa babu. Kwa kanthawi palibe anaona mnzake. Kenako a Chipewa anakankha chitseko, ndipo kuwala kwa madzulo kunalowa. Chinthu chija chinaonekanso ngati timipira ndi mawaya pa benchi.

Azakhali anaimirira n'kuika gudumu m'dzanja la Nthenga.

"Tenga, ndi lako. Makina asachoke, a Chipewa, koma kiyi wa galaja akhale kwa inu. Kuchipatala akandigoneka masiku angapo. Ndikabwera ndipeze gudumu lina. Ngati diso lidzakana, chikhadabo ichi chidzaona. Mpeni usauyatse a Chipewa palibe."

"Nanga mkuwa, azakhali?"

"Ndilibe. Wangawo unaudya ndiwe. Ufune."

Anayamba kutuluka akupapasa benchi. Pakhomo panali sitepe, ndipo Nthenga anathamanga kuti awagwire mkono monga ankachitira masiku onse. Azakhali anachotsa mkono wawo mofatsa, nagwira khoma. Anatsika okha, phazi likufufuza pansi, n'kulowera kunyumba kukalongedza chikwama.

Nthenga anatsala pakhomo. Anayendetsa chikhadabo pa mano monga anachitira azakhali. Analipeza msanga, lonenepa, ndi loonda pambali pake.

A Chipewa anatseka galaja n'kuika kiyi m'thumba la malaya. Anayang'ana kunyumba, kenako anatsitsa mawu.

"Mkuwa wokhuthala chonchi m'masitolo mulibe, mwanawe. Munthu amene ali nawo ndikumudziwa mmodzi yekha. Amaphwasula masikelo akale kuseri kwa depoti ya mabasi. Koma ukapitako, azakhali ako asamve, ndipo kumeneko usayambe ndi kutchula dzina lawo."

"Chifukwa chiyani? Ndi ndani?"

"Ndi amuna awo."

Nthenga anakweza maso. "Azakhali anakwatiwapo?"

A Chipewa ananyamula mpando wawo, anakankhira chipewa kutsogolo, n'kuyamba kuyenda.

"Ndikabwerako kuchipatala mawa, undidikire pageti," anatero osacheuka. "Uvale nsapato zolimba. Kuli agalu."